Ndinati M'katoni Muli Nkhuku

Njoka yanga yoweta ili kwa dokotala wa ziweto ku Woodlands, ndipo inafikako mochedwa chifukwa cha mantha anga. M'kamwa mwake munatupa, munkatuluka mafinya, kudya inasiya. Ndinaiika m'katoni kuti ndipite nayo, koma pageti pathu ku Chelstone ndinakumana ndi mayi eni nyumba.

"Ba neba, muli chani umo?"

"Nkhuku, amayi."

"Nkhuku yosalila? Segulani tione!"

Kuno woweta njoka amatchedwa mfiti, ndipo panyumba yalendi sakhalitsa. Ndinaseka ngati chitsiru n'kubwerera m'nyumba, ndikunamizira kuti ndaiwala foni. Ndinadikira mpaka pa Sondo, mayiwo atapita kutchalitchi. Apo n'kuti matenda atalowa m'fupa la nsagwada.

Dokotala sanandikalipire. Anangoti mawa ndipite ndikatsanzikane nayo asanaibaye jakisoni womaliza.