Petulo wa m'mwezi wa Ramazani

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, anali Msilamu wa ku Lifuwu, ndipo ine Mkhristu wa ku Chitala sindinkawakonda kwenikweni. Chifukwa ndinalibe, ankangonditopetsa ndi kufatsa kwawo. Anali ndi kagalimoto kakale konyamulira katundu, ndipo matenda ake ankawadziwira pakamwa. Injini ikazima, ankazula paipi ya petulo, n'kuyamwa, n'kulavula, basi vuto alipeza.

Tsiku lina ndinawaperekeza ku msika wa Khombedza. Kumbuyo tinanyamula chambo chachiwisi cha asodzi anzawo, titachifunditsa masaka onyowa. Unali mwezi wa Ramazani, dzuwa lili loswa mtengo, ndipo alamu anali pa swaumu, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa. Chiyambire unyamata wawo anali asanaidulepo. Dzulo lake galimotoyo inali itakanyamula amayi ovina kumsonkhano wa chipani. Masiku amenewo akakubwereka galimoto sunkafunsa zambiri, ndipo inabwerako itathiridwa petulo wa mumgolo.

Tili pakati pa ulendo injini inayamba kutsokomola, kenaka inazima. Alamu anatsegula boneti, anazula waya wa pulagi n'kuuyandikiza pachitsulo, ine ndikupukusa handulo yolizira injini. Moto unathetheka.

"Moto ulipo," anatero. "Ndiye kuti ndi petulo."

Anazula paipi yochokera ku thanki, ndipo mwachizolowezi anapita nayo kukamwa. Itatsala pang'ono kufika, dzanja linaima.

"Yamwani, alamu," ndinatero. "Mulungu akuona kuti ndi petulo, si thobwa."

Sanaseke. "Kadontho kakangodutsa pakhosi, swaumu yanga yatha."

Ndinapsa mtima. Masaka anali atayamba kuuma, ntchentche zikubwera kudzazonda. Alamu anayang'ana nsomba za eni akezo nthawi yaitali, kenaka anakwezanso paipi ija. Ndinazindikira kuti ayamwadi, ndipo sadzauza munthu. Chisoni chinandigwira. Ndinawalanda paipiyo.

Munthu amene sanayamwepo petulo asamanene kuti amadziwa zowawa. Ndinakoka mwamphamvu ngati ndikuyamwa nzimbe, mwina n'kumezako.

"Lavulirani m'botolomu," anatero alamu, akundipatsa botolo lopanda kanthu. "Mukumva bwanji pa lilime? Kukuwotcha kapena kukuzizira?"

"Kukuipa basi."

Apa ndiye anaseka. Anakweza botolo padzuwa, tonse tikuyang'ana. Petulo anayandama pamwamba, pansi panakhala madzi ofiirira ndi dzimbiri la mumgolo. Anagona kunsi kwa galimoto, anamasula nati ya thanki mpaka madzi onse anatuluka, anapukuta kabuleta ndi kansalu. Nditapukusa handulo injini inalira bwinobwino. Nsomba zinafika pamsika zikadali zabwino, koma ine njira yonse ndinkangogeya petulo.

Madzulo tinabwerera kunyumba kwawo. Mlongo wanga anayala mkeka pakhonde, anabweretsa tiyi ndi futali wa chinangwa. Mzikiti utaitana, alamu, amene milomo yawo inali itachita kung'aluka ndi ludzu, anathira tiyi m'kapu n'kundipatsa.

"Yambani inu, achimwene."

Anali asananditchulepo choncho. Anaika manja pamaondo, kudikira kuti ndimwe. Tiyiyo ankangomveka petulo yekhayekha, koma ndinamwa yense.