Galimoto ya ababa isanagulidwe n'komwe, inali itatopa kale

Inde, ndine ndinayambitsa, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa.

Chiyambireni mvula, pakhomo pathu ku Nsanama pakhala pali mkangano umodzi. Ababa, omwe amagula nandolo m'midzi, akufuna fobayifo, galimoto ija yokoka ndi matayala onse anayi. Akuti kapikapu kathu kakangoona matope a msewu wa ku Chikweo kamagwada ngati kali mu tchalitchi. Amayi akukana. Akuti chigalimoto chotere chimamwa mafuta ngati chili ndi ludzu la m'chilimwe, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka mpaka ukakasake ku Limbe.

Loweruka lina ine ndi ababa tinapita ku Balaka "kukangoona". Ababa anaima pambali pa ina yoyera, dzanja pa boneti, mimba patsogolo. Ine ndinangojambula, n'kuponya chithunzicho pa gulu la WhatsApp la abale, pansi pake n'kulemba kuti: "Yehova wayankha."

Ndinanena kuti agula? Iyayi. Werenganinso.

Tisanawoloke mlatho wa pa Liwonde, foni ya ababa inali itatentha. Amayi a kwaya amafuna ulendo. Amalume a ku Nayuchi anali ndi malata oti anyamulidwe. Munthu wina yemwe sitinamuonepo chibadwire anati ndi msuweni wathu, ndipo mbuzi zake zikufunika pa msika. Ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenako anaimba azakhali a ku Chikweo, alongo awo a ababa, omwe mwana wawo amakwatiwa Loweruka lotsatira.

"Achimwene, mwatichotsa manyazi. A galimoto ya hayala aja tawauza kale kuti asavutike. Mkwatibwi akwera yanu."

"Achemwali, sindinagule ine."

Azakhali anati: "Ooh. Mwayamba kale kubisa?"

Apa mpamene ineyo kuseka kunathera. Abale anga, chithunzi cha mwana wa Fomu 3 anachikhulupirira onse, koma mawu a mwini wake, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, palibe anawamva. Pofika Lachiwiri nkhani inali ponseponse yoti ababa alemera ndipo ayamba kunyada, galimoto aibisa ku Balaka kuopa abale. Mkwatibwi analibe chokwera, ndipo dzina la ababa linali m'matope, galimoto yoti iwavuule kulibe.

Inu amene mukulota fobayifo, ogulitsa adzakuuzani za mphamvu zake, ndipo sanama. Imadutsa pamene basi yabwerera. Wodwala pakati pa mvula amafika kuchipatala. Nandolo safukwa m'mudzi podikira kuti msewu uume. Adzakuuzaninso, monyinyirika, za mafuta ndi matayala.

Koma ndani adzakuuzeni kuti kuno kwathu galimoto yotere si yako? Wa kagalimoto kakang'ono ali ndi pothawira: "Pepani, kumeneko sikafika." Nanga iwe udzanena chiyani, poti yako imafika paliponse? Maliro ndi ako, ukwati ndi wako, mbuzi za msuweni ndi zako. Ukakana ndiwe wokhwima. Ukavomera, mafuta sathirapo aliyense, amangoti "Mulungu akudalitseni" n'kutseka chitseko mwamphamvu. Walira mvula walira matope.

Ababa sanachitire mwina. Anakachita hayala fobayifo ya munthu wina ku Liwonde kuti mkwatibwi asapite ku tchalitchi pa kabaza. Azakhali ataiona anangoti, "Bwanji si yoyera ija?" Mpaka lero akukhulupirira kuti ababa ali nazo ziwiri.

Titabwerako ku ukwatiko, ababa anakhala pakhonde, kenako anati, "Amake Limbani, za galimoto zija tiyeni tiziiwale." Madzulo ake amayi anandiikira chiwindi cha nkhuku m'mbale mwanga.

Chilango changa? Foni alanda mpaka sukulu itsegulire, ndipo nandolo yense wa ku Chikweo ndizikamutenga ine pa njinga, thumba limodzilimodzi. Pokwera chitunda ndimatsika n'kumakankha, matope mpaka m'mawondo. Ababa akuuza anzawo kuti tsopano aipeza yosamwa mafuta.

Sindikudandaula. Dzulo mayi wina anandiimitsa pa msewu kuti ndimunyamulireko mtolo wa chinangwa. Ndinamuyang'ana, n'kunena mwaulemu wonse: "Pepani amayi, kumeneko siifika."

Inu ndi fobayifo yanuyo, mudzatha kunena zimenezo?