Ufa pa Injini

Galimoto ija ndinaigula kuti bambo andione, ngakhale nthawi imeneyo ndikadakana mpaka kulumbira. Inali folobaifolo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, yakale ndithu koma yonyezimira. Bambo anali atakhala kwathu ku Area 47 mwezi wathunthu atawachita opaleshoni ya maso, ndipo Loweruka ndinayenera kuwabwezera kumudzi. Linali dzinja, msewu uli matope okhaokha. Ndinkafuna mudzi wonse uone ine, wa ku Capital Hill, ndikutsitsa bambo pakhomo penipeni pomwe minibasi siifika.

Vuto linali lakuti galimotoyo inkamwa madzi. M'mawa uliwonse ndinkathira m'rediyeta mozemba, bambo asanatuluke kukaothera dzuwa. Pansi panalibe dontho. Ndinayalapo katoni, kunacha ili youma gwa. Koma ndikamafika ku ntchito muvi wa kutentha umakhala utakwera, kafungo kotsekemera kakutuluka m'boneti. Ndinatenga sikuludiraiva n'kumanga tizitsulo tonse togwira mapaipi mpaka dzanja kuwawa. Zinangoipiraipira.

Mng'ono wanga ndi makaniko ku Old Town. Iye sukulu anailekera Sitandade 8, ine ndinafika ku yunivesite. Koma bambo akamakamba za ana awo, za ine zimatha m'mawu awiri: "Ali m'boma." Za iyeyo amafotokoza mpaka tiyi kuzizira, momwe anadzutsira chigayo chakufa, momwe anakonzera mjigo wa kutchalitchi. Zimandiwawa, ndipo sindibisa. Ndinali nditatsimikiza kuti sindimuitana. Anamuimbira foni ndi mkazi wanga, Lachisanu, atatopa ndi kundiona ndikuzungulira galimoto ngati nkhuku yofuna poikira.

Anabwera masana pa minibasi, chikwama cha masipanala kumsana.

"Achimwene, madzi mumathira kangati?" anandifunsa.

"Mwa apo ndi apo."

"Tsiku lililonse," anatero bambo ali pakhonde. "Ndi chigubu chachikasu chija. Waiwala kuti maso anandikonza?"

Mng'ono wanga sanaseke. Anatsuka injini, n'kuisiya kuti iume, kenako anapempha mlamu wake ufa woyera m'kambale. Ine ndinati, "Tsopano tikuphikira galimoto?" Bambo anali atakoka kale mpando kufika pafupi, ndipo kambaleko anagwira ndi iwo.

Mng'ono wanga anawaza ufa pa mapaipi, pansi pa rediyeta, kuzungulira pampu ya madzi, mpaka kuseri kwa injini komwe dzanja limalowa movutikira. Anadzaza madzi n'kuliza injini.

"Ikazizira siidontha," anafotokozera bambo, osati ine mwini galimoto. "Ikatentha madzi amakankha mwamphamvu. Akatuluka amagwera pa chitsulo chotentha n'kuuma asanafike pansi. Koma ufa sunama."

Tinadikira. Muvi utafika pakati, kamzere konyowa kanayamba kutsetsereka mu ufa kuseri kwa injini, kuchokera pa kapaipi kakang'ono kopititsa madzi otentha m'kati mwa galimoto. Bambo ndiwo anayamba kukaona, ndipo anasangalala ngati apeza ndi iwo.

Injini itazizira mng'ono wanga anachotsa kapaipiko. Kanali ndi mng'alu wakale waung'ono, koma pambali pake kachitsulo komangira kanali katadya labala mpaka kuboola. Pamutu pa kachitsuloko panali zokanda zatsopano za sikuludiraiva yanga. Anaziona. Anandiyang'ana kamodzi, n'kulowetsa kachitsuloko m'thumba la ovolosi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa bambo.

"Paipi yakalamba basi, bambo. Zimachitika."

Akanandiyalutsa bwenzi nditapeza pomukwiyira. Koma ayi, anandibisira manyazi, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima kwambiri. Munthu waluso, kuwonjezera apo wachifundo, ungapikisane naye bwanji? Anadula kunsonga koonongekako, anamanga ndi kachitsulo katsopano, anathira madzi obiriwira aja a m'rediyeta, n'kuliza injini chivindikiro chili chotsekula mpaka thovu la mpweya litatha. Anawazanso ufa. Unakhala woyera mbee.

Loweruka m'mawa ndinavala malaya atsopano. Mng'ono wanga anabwera kudzangotsanzika bambo. Ndikutsekula chitseko cha dalaivala, bambo anati, "Mpatse mng'ono wako makiyi. Ikatentha panjira, iyeyu amaimva."

"Bambo, galimoto ili bwino tsopano," anatero mng'ono wanga. "Achimwene ayendetsa."

"Ndanena."

Ndinakhala kumbuyo, pakati pa thumba la feteleza ndi katoni ya sopo. Galimoto inadula matope onse osatentha ngakhale pang'ono, mpaka pakhomo pa bambo. Anthu anathamangira ku chitseko cha dalaivala, kumugwira chanza mng'ono wanga ndi manja awiri, kumufunsa kuti wagula liti.

"Ndi ya achimwene," anawauza, kawiri konse.

Azakhali anasuzumira kumbuyo, nandiona. "Nawenso wabwera? Wachita bwino. Tatsitsa fetelezayo asanyowe."