Mwana wa Mayi Masau

Ndikukumbukira fungo la masau ovundikira kuseri kwa nyumba yathu kwa Tengani, fungo lotsekemera koma lowawasa, lomwe linkakanirira m'diresi yanga ya sukulu ngakhale nditaichapa kawiri. Amayi ankatcheza kachasu wa masau. Sindibisa. Bambo anamwalira amayi ali ndi pakati pa mlongo wanga Chiko, n'kutisiyira mbuzi zitatu ndi munda wa mapira womwe dzuwa linkaupsereza chaka ndi chaka. Amayi anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Chichewa chawo chinali chopereweraperewera, Chisena ndiye chinkayenda, ndipo ntchito yomwe manja awo ankaidziwa inali ya mgolo ndi paipi basi.

Makasitomala anawapatsa dzina loti Mayi Masau. Ine dzinalo ndinkadana nalo koopsa. Kusukulu anzanga akandiona ankagwira mphuno n'kuyamba kudzandira ngati oledzera, uku akuimba kuti, "Uyo mwana wa Mayi Masau!" Tsiku lina ndinamuluma khutu mtsikana wina dzina lake Lusiya, moti mpaka lero tikakumana pamsika amandipatsa moni ataima patali ndithu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinalumbira kuti dzina limenelo silidzatuluka pakamwa panga.

Chaka chimenecho, nthawi ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, amuna ena anamwalira atamwa mowa wothira zinthu zosadziwika. Sunali wa amayi. Koma apolisi anayenda ndi galimoto n'kutola aliyense wodziwika ndi kachasu, akuti pofuna kuteteza anthu. Amayi anawapeza Lachisanu m'mawa akugula shuga pamsika. Chiko anamusiya ndi ine kunyumba. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sankadziwa chakudya china koma bere.

Azakhali a Marita, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera kwa Katunga atamva uthenga. Tinapita kupolisi mwana ali kumbuyo, koma wapageti anatibweza. Anati a kachasu saonedwa, akhala m'chitolokosi mpaka zinthu zitazizira. Azimayi ena anatuluka amuna awo atakawadandaulira. Ife mwamuna wokatidandaulira tikanamutenga kuti?

Chiko anakana phala la mapira. Mkaka wa mbuzi unamutsegula m'mimba. Pofika Lachiwiri liwombo linali litalowa, ndipo kulira kwake kunachepa n'kumamveka ngati kwa kamwana ka mphaka. Ndinkaviika chala m'madzi a shuga n'kumuika kukamwa. Ankayamwa pang'ono, akazindikira kuti ndamunamiza n'kutembenuzira nkhope kumbali. Ndinkaopa kuti afera m'manja mwanga.

Lachitatu mkazi wa akatekisiti anatilozera kwa a Semba, bambo wa bungwe lina lothandiza anthu pa zamalamulo, amene ankakhala pakhonde la tchalitchi ndi chikwama chong'ambika zipi. Anatimvetsera mpaka kumapeto akupukuta thukuta ndi kampango. Kenako anatiuza chinthu chomwe sitinamvepo: kuti lamulo sililola kusunga munthu kupitirira masiku awiri osamutengera kukhothi, ndiponso kuti munthu samangidwa chifukwa choganiziridwa kuti mwina alakwa mawa. Anatulutsa cholembera n'kufunsa dzina la amayi.

Apa m'pamene panali ntchito. Kwathu mwana satchula dzina la mayi ake, ndipo ine sindinkalidziwa n'komwe. Azakhali nawo ankangoti "mlamu" kapena "amake Roza", potengera dzina langali. Tinachita kubwerera kunyumba kukafufuza m'kachitini momwe amayi ankasungamo mikanda, n'kupeza khadi la ubatizo lolembedwa m'Chipwitikizi. Joakina Alfandika. Ndinaliwerenga chamumtima ngati ndaba kanthu.

A Semba analemba dzinalo, n'kundiyang'ana. "Mwanangu, palibe dzina lina lomwe anthu amawaitanira?"

Azakhali, poti ankakhala kutali, anayang'ananso ine. Pakhondepo panali azimayi a kwaya akudikira kuphunzira nyimbo, mmodzi wa iwo mayi ake a Lusiya.

"Nkhabe," ndinakana m'Chisena, nditazolika.

M'mawa mwake a Semba anapalasa njinga kupita kupolisi. Anabwerako masana nkhope itagwa. Apolisi anatsegula buku, kuyendetsa chala tsamba lonse, n'kunena kuti Joakina Alfandika mulibe, mwina anathawira kwawo ku Mozambiki. A Semba anati palibenso njira ina, alembera khothi kuti liitane apolisiwo adzafotokoze komwe kuli munthu, koma tsiku lapafupi linali Lolemba. Ndinamva zonsezo. Ndinkadziwa bwino lomwe dzina limene liyenera kukhala m'bukumo. Koma ndinalibisabe, chifukwa tsopano ndinkaopa kuti andifunsa chomwe ndinanamira dzulo. Masiku anayi aja ndinawaonjezera ndine.

Lolemba tinalawirira. M'khothi munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, malata akuthetheka pamwamba. Woweruza anali mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Wapolisi anaimirira ndi buku lake n'kubwereza zomwe zija, kuti dzinalo mulibe. A Semba anapempha kuti amuna ndi akazi onse a m'chitolokosi abweretsedwe tiwaone, wapolisi n'kuyankha kuti galimoto ilibe mafuta. Chiko anali pamsana pa azakhali, mutu uli lende, osalira n'komwe. Kusalirako n'komwe kunandidzutsa pabenchi.

"Lembani Mayi Masau!" ndinakuwa. "Amayi anga ndi Mayi Masau!"

Anthu anaseka. Woweruza sanaseke. Anauza wapolisi kuti ayang'anenso. Chala chinatsika pang'ono chabe n'kuima pamzere wachinayi. Apolisi anali atalemba momwe munthu wowalozera amayi anawatchulira pamsika, ndipo masiku khumi onsewo palibe anawafunsa amayi kuti dzina lawo ndani.

"Mlandu wawo ndi wotani?" woweruza anafunsa.

Wapolisi anati akufufuzabe. Anafunsidwa ngati anawapeza ndi mowa, iye anati anawapeza ndi shuga. Woweruza anavula magalasi n'kulamula kuti mayiyo aonekere pamaso pake dzuwa lisanapendeke, ngakhale pa njinga.

Anabweradi pa njinga, atakwezedwa pakaliyala, opanda mpango kumutu, chitenje chitauma gwa pachifuwa ndi mkaka womwe unkangotayika. Woweruza atawauza kuti azipita kwawo, anangoti, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena, maso ali pa mwana. Anakhala pansi pakhonde la khothi pomwepo n'kumuika kubere. Chiko anakoka, kukoka, koma munalibe kanthu. Mkaka unali utauma masiku awiri apitawo. Amayi sanalire m'chitolokosi, anatero okha pambuyo pake, koma pakhonde paja analira mokweza anthu akuona.

Chiko anagonekedwa kuchipatala milungu itatu. Anachira, Mulungu ngwamkulu, ngakhale anakula wochepa thupi kuposa anzake onse. Lero amapalasa kabaza pa Nsanje boma ndipo amadya ngati anthu awiri. Amayi anasiya mgolo chaka chomwecho n'kuyamba kugulitsa nsomba zouma, koma dzina lija silinawachoke.

Zinthu zasintha. Lero munthu akamangidwa, abale amaimba foni, ndipo ngakhale ana asukulu amadziwa za masiku awiri aja. Aliyense ali ndi chiphaso chokhala ndi dzina limodzi ndi chithunzi. Komabe ndikamva pawailesi kuti atola anthu pofuna kuteteza ena, ndimadzifunsa kuti kunyumba asiyako ndani.

Za bodza langa ndinawaululira amayi nditayamba kale uphunzitsi, akudwala matenda omwe anapita nawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Roza, dzinalo ndi lomwe linakugulira makope."

Pamtanda wa manda awo tinalemba Joakina Alfandika, monga analamulira a tchalitchi. Koma munthu akandifunsa m'minibasi kuti kwa Tengani ndine mwana wa yani, ndimayankha mokweza kuti ndi wakumbuyo yemwe amve: ndine mwana wa Mayi Masau.