Nthambi Imene aNabanda Anathyola

Tsiku limene tinkasamuka ku Mpingu kupita kusukulu ina ya kufupi ndi Nsaru, kumene abambo anawatumiza kukaphunzitsa, amayi anakhala pamwamba pa katundu m'lole atafungatira chitini cha mkaka chochita dzimbiri. Mbale ziwiri zinasweka m'njira, mwendo wa tebulo unathyoka, koma iwo osacheuka n'komwe. Maso awo anali pachitinicho, mmene munali kamtengo ka masamba anayi okha. Kanali ka rozi, kodula pakhomo pa agogo ku Namitete. Agogowo anali atamwalira chaka chomwecho, nyumba yawo inagwa ndi mvula, ndipo amalume analima fodya pabwalo ponse osasiya chitsamba ngakhale chimodzi. Chotsala cha pakhomo pamene amayi anabadwira chinali kamtengo kameneka basi.

Anakabzala kumaso kwa nyumba, pansi pa zenera, ndipo ntchito yokasamalira inagwera ine, mtsikana wa Sitandade 4. Abale, chilimwe cha ku Nsaru si chocheza! Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, nthaka inkaotcha kumapazi, kumjigo mzere wa ndowa unkafika kumsewu. Madzi otsukira mbale, otsukira mpunga, ngakhale otsala m'kapu ya mlendo, onse ankathera parozi. Mbuzi za m'mudzi zinali zomasula chikololereni, ndipo mbuzi ya nyengo imeneyo ilibe manyazi, imadya ndi buku lomwe. Tinatchinga ndi mapesi, zinagumula. Tinatchinga ndi minga, chiswe chinabwera chapansi, amayi n'kumathira phulusa m'mawa uliwonse. Anzanga akamasewera fulaye pabwalo la sukulu, ine ndinkathawa pakati pa masewero ndikangomva kulira kwa mbuzi. Ndinkadana nako kamtengoko, sindibisa.

Koma kanakula. Pofika Okutobala kanali ndi nthambi zisanu, ndipo m'pamene panabuka mkangano. Kuseri kwa sukulu kunkakhala aNabanda, mayi wamfupi woseka mokweza amene ankagulitsa mandasi kwa ana pa nthawi yopuma. Tsiku lina amayi potuluka m'nyumba anawapeza atawerama pampanda, nthambi ili kale m'manja. "Inu aNabanda, kodi kupempha kwavuta?" Amayi anafunsa mokwiya. ANabanda anangoseka, amvekere, "Kanthambi komweka, aNaphiri? Maluwa sapempha, eti?" Anakakulunga m'chitenje n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo moni anatha pakati pawo, ngakhale ankakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo ife ana tinaletsedwa kugula mandasi awo, chinthu chimene chinandiwawa kuposa nthambiyo.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Fungo la dothi lonyowa linalowa mpaka m'mabulangete, mbuzi zinamangidwa, ngumbi zinauluka, mango anayamba kugwa okha. Rozi anaphukira masamba ofiirira, ndipo amayi anatiuza kuti duwa loyamba adzaliika patebulo la kutchalitchi pa Khirisimasi, pokumbukira agogo. Ndinkayang'ana m'mawa uliwonse, duwa osaoneka. Masiku omwewo tinali tikuthira feteleza wobereketsa m'kamunda ka abambo, woyera uja ngati shuga, kachitsekero ka botolo kamodzi paphando lililonse, ndipo ndinaona ndi maso anga chimanga chikubiriwira m'masiku ochepa. Nzeru zinandibwerera. Ngati kachitsekero kamodzi kakuchita zotere, nanga manja awiri odzaza? Ndinakumba patsinde penipeni ndi kamtengo, n'kuthira, n'kukwirira bwinobwino, ndipo ndinapita kukasewera ndikudziona ngati mlangizi wa zaulimi wa ku Chitedze.

Kenaka kunachita ng'amba ya sabata yathunthu. Masamba anayamba kupsa m'mbali, anapiringizika, anayoyoka, tsinde linada. Amayi anafukula pang'ono kufuna chiswe, osachipeza. Sanalire pamaso pathu, koma ndinawaona atakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, manja ali m'masaya, akuyang'ana kamtengo kouma kaja. Masiku atatu ndinabisa zimene ndinachita. Tsiku lachinayi ndinamva akuuza abambo kuti duwa silingafe chonchi lokha, wina wathirapo madzi otentha, ndipo akumudziwa. Anamanga chitenje m'chiuno kuti apite kwa aNabanda. Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinawagwira mkono pakhomo n'kuulula zonse, mamina ndi misozi zili mbwee. Ndinkadikira mbama, ndipo ikanandipepukira. Iwo anangonena kuti, "Ndikanakachimwira munthu wosalakwa chifukwa cha iwe." Anamasula chitenje chija n'kulowa m'nyumba.

Khirisimasi inadutsa, patebulo la kutchalitchi panali maluwa a anthu ena. Koma kusukulu nkhani siigona, ndipo mng'ono wanga anali ndi pakamwa potayirira. M'mawa wina wa mu Januwale, kukuwaza kamvula, tinamva odi. Anali aNabanda, atasenza poto wakale wobooka. M'menemo munali rozi wa msinkhu wa mkono wanga, masamba ali biriwiri, ndi kaduwa kamodzi kosamasula kunsonga. Anatula pakhonde n'kunena kuti, "ANaphiri, wakuba uja ndabwera. Ndamva zimene zachitika. Tengani, ndi wa mayi anu uyu." Nthambi ija anali ataibzala kuseri kwa bafa lawo la udzu, kumene madzi sauma, miyezi itatu yonse. Amayi anagwada pansi pomwepo, pamatope, ndipo ulendo uno analira mokweza osasamala kuti ana a sukulu akuona. Atatha anawauza aNabanda zimene anawaganizira zija, osabisa kanthu. ANabanda anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kutembenukira kwa ine: "Iwe mlangizi, uyu usamuyandikire ndi thumba la abambo ako, wamva?" Dzina limenelo linandikanirira mpaka ndinamaliza Sitandade 8.

Duwalo linamasula patapita masiku ochepa, lofiira kwambiri, ndipo Lamulungu lotsatira amayi awiriwa anakaliika limodzi patebulo. Chitsambacho chitakula, amayi anasintha khalidwe. Aliyense wobwera pakhomo, kaya ndi mayi wa Chigwirizano cha kutchalitchi kaya wogulitsa nkhuni, ankachoka ndi nthambi, afune asafune. Pamene tinkasamukanso patatha zaka zisanu, rozi wa agogo anali pamakomo ambiri kuzungulira sukulu ija, ndipo amayi sananyamulenso chitini mwamantha ngati kale.

Amayi anatisiya, aNabanda nawonso ndinamva kuti anapita. Sindinawathokoze bwino mayi amene uja, ndinali mwana, ndinkangoona manyazi anga. Lero ndikuwathokoza ndi mtima wonse, chifukwa anandichotsera mlandu umene ndikanausenza moyo wanga wonse. Pakhomo panga pano rozi yemweyo alipo, ndipo ndinamubzala dala m'mbali mwa njira, nthambi zake zikulendewera kunja kwa mpanda. Sabata yatha ndinapeza pena pothyoka kumene, utomoni usanaume. Mwana wanga anakwiya, akuti tiike waya waminga. Ndinamuuza kuti asayerekeze.