Nsambo Zopyapyala Zomwe Ndinasankha Ndekha

Anzanga, ine ndi mnyamata amene ndikufuna kukuuzaniyu tinakumana tsiku lomwe ndinapita kukayesa mwayi mu bandi ina yomwe inkachita practice m'galaja, kuseri kwa shopu ya matayala.

Nditangoyamba kuimba, mkulu wa bandi anakweza dzanja.

"Taimani kaye achemwali. Mawu anuwa akulimbana ndi besi. Sitikumva kuti munthu ndi uti, gitala ndi iti."

Onse anaphulika kuseka. Ine zimenezi ndinazizolowera. Mawu anga ndi aakulu moti kusukulu ankanditchula Jenereta, ndipo mpaka lero ndikayankha foni anthu amati, "Pepani bambo, timafuna mwana wanu wamkazi."

Mmodzi yekha sanaseke. Mnyamata wamtali, wofatsa, amene aliyense ankangomutchula kuti Wabesi.

"Vuto si iwowa," anatero. "Tonse awiri tikukanganirana pansi. Ndipatseni nthawi pang'ono, ndiwasiyira malo."

Sabata yotsatira ananditengera kwa amisiri okonza magitala, bambo achikulire a magalasi omanga ndi ulusi. Ankafuna kusandutsa gitala yake kuti ikhale piccolo bass. Ine ndinali mbuli, ndiye anandifotokozera: ndi besi yomweyo, koma umaikamo nsambo zopyapyala n'kuzikunga kuti zizilira m'mwamba. Iye aziyenda pamwamba, pansi ponse pakhale panga.

Wabesi anayala mapaketi a nsambo patebulo.

"Izi ndi zonenepa, zomwe ndili nazo panopa. Izi ndi light gauge, zopyapyala. Sankhani inuyo, poti mawu ndi anu."

Ndinagwiragwira, n'kusankha zopyapyala kuposa zonse. Nsambo yomaliza inali ngati ulusi wosokera.

Amisiri anapukusa mutu. "Mwana wanga, kafupa aka kakumutu kwa gitala, komwe nsambo zimadutsamo, timipata take ndi tatikulu. Nsambo izi zizingogwedera. Pafunika ndikachotse, ndiike katsopano."

"Chotsani bambo," anayankha Wabesi. "Sindidzabwereranso kumeneko."

Anzanga... ndinamufera pomwepo!

Tsiku lomwe tinaimba limodzi koyamba, ine pansi iye pamwamba, mkulu wa bandi uja anangoti kukamwa yasa. Chibadwire, aka kanali koyamba kutsegula pakamwa ponse osachita manyazi.

"Inu" uja anatha, tinayamba "iwe". Jenereta anakhala Jene. Ankandiperekeza kokwerera basi, dala n'kumasiya mabasi azidutsa. Nsambo zija zinkamucheka zala poti sanazizolowere, ine n'kumamupaka mafuta.

"Bwanji osangobwezera zakale zija?" ndinkamuyesa.

"Ndiye iwe ukaimbire kuti?"

Kuseri kwa gitalayo ndinajambula kamtima ndi utoto wa zikhadabo. Achemwali anga aakulu atamva nkhaniyi anati, "Mwamuna wosintha gitala chifukwa cha mawu ako a jeneretawo? Mugwiritse ameneyo, sadzapezekanso."

Kenako mkulu wa bandi anabweretsa msuweni wake kuti azithandizira kumbuyo. Kamtsikana kokongola, mawu ake opyapyala, okwera kufika kudenga. Akangokweza, ankagundana ndi piccolo ija. Ndinaona Wabesi akukwinya nkhope.

"Usadandaule Jene," anandiuza. "Ameneyu ndi wa backing chabe."

Koma practice inayamba kumasinthidwa nthawi ine osauzidwa. Mameseji anga ankayankhidwa mawa lake. Tsiku lina anabwera ndi besi yobwereka, ya nsambo zonenepa.

"Yako ili kuti?"

"Kansambo kakang'ono kaja kanaduka. Zimasowa zimenezija."

Ine kupusa, ndinamumvera chisoni! Ndinati ndimudabwitse, ndikamufunire ndekha.

Nditangoti "Odi kuno" pakhomo pa amisiri aja, anandizindikira ndi mawu. Anakoka nsalu msangamsanga kuti aphimbe chomwe chinali patebulo, koma anachedwa. Kamtima kanga kofiira ndinali nditakaona kale. M'manja mwawo munali tupa.

"Bambo, ndabwera kudzagula light gauge zija... Gitalayo mukuitani?"

Anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Musagule, mwana wanga. Sizikwananso."

"Sizikwana bwanji?"

"Ndakulitsa timipata. Mwini wake akubwerera ku zonenepa. Anabwera dzulo ndi mtsikana wina, atagwirana manja. Akuti piccolo ikulimbana ndi mawu ake."

Ndinagwira tebulo.

"Nsambo yoduka ija ili kuti?"

"Palibe inaduka. Ndazichotsa ndekha, zonse zinayi zili bwinobwino." Anapumira m'mwamba. "Ndinamufunsa kuti, 'Ukudziwa kuti ndikapala ndapala?' Iye anati, 'Palani bambo, sindidzabwereranso kumeneko.'"

Mawu omwewo, anzanga! Omwe aja ndinamufera nawo. Sanavutike n'komwe kupeza ena.

Ndinamuimbira foni ndili pakhomo pomwepo.

"Sorry Jene," anatero. "Ndimati ndikuuze... bandi ikusintha kaimbidwe. Si iwe ayi."

Ndinadula. Ndinalira msewu wonse, ndipo kulira kwa Jenereta mukukudziwa, anthu ankachita kucheuka.

Ku galaja kuja sindinapondekonso. Ndimamva kuti akuimba bwino, mtsikana pamwamba, iye pansi. Aliyense ali ndi malo ake.

Munthu amene wasintha msanga chifukwa cha iwe, adzasinthanso msanga chifukwa cha wina. Ine ndinkayesa kuti anachita zija poti ndi ine, pamene ndi mmene amakondera aliyense.

Koma chondipweteka kwambiri si iyeyo. Dzulo ndikuchapa ndinayamba kuimba osazindikira. Nditangodzimva, ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wandimva, n'kutseka pakamwa ngati kale.