Kamalo kosaona m'diso la amayi

Fungo la mafuta a vitumbuwa limandibweza ku Lubuto, nyengo ija migodi inkagulitsidwa, makampani a mu Ndola akutseka zitseko. Amayi anali atayamba kukazinga vitumbuwa pakhonde, ati pongotayitsa nthawi. Atate ankachokabe m'mamawa atamanga tayi, chikwama m'khwapa.

Tsiku lina amayi anandituma kwa azakhali ku Chifubu, ndipo atate ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusewera nsolo, tayi ili m'khosi. Ntchito inali itatha kalekale. Anandigulira nzimbe, n'kundilumbiritsa kuti amayi asamve. Ndinawamvera chisoni, koma nzimbeyo ndinadya.

Sabata yomweyo aphunzitsi anatiuza za diso. Amvekere kumbuyo kwake kuli timaselo tomva kuwala. Toona mitundu ndi zilembo tinaunjikana pakati, togwira chilichonse chosuntha ngakhale kuli chisisira tili m'mbali, ndipo pali kamalo kena kopanda n'kamodzi komwe. Tinajambula mtanda ndi kadontho, kutsinzina diso limodzi, kadontho kaja zii! Ine za m'mbalizo sindinazisamale. Ndinali nditapeza pobisa atate.

Vuto lawo linali nsapato, zimene zinkabwera zili mbuu ndi fumbi losadziwika ku ofesi. Tsono utsi wa mbaula unkawatsinzinitsa amayi diso lamanzere. Ndinayeza bwinobwino pamene pankagwera kamalo kosaona ka diso lawo lamanja, n'kulemba mzere ndi khala pansi. Madzulo ndinawachingamira atate pageti n'kuwafotokozera kuti akadzera pamzerepo saoneka. Kenako bambo wamkulu, mkulu wa mpingo wathunthu, anayamba kunyang'ama cham'mbali ngati nkhanu, chikwama atachikumbatira.

Amayi sanacheuke n'komwe. Anatembenuza chitumbuwa m'mafuta n'kundiitana.

"Tiye, auze atate ako avule tayiyo. Mawa andinyamulire beseni kumsika, nsolo yawakwana."

Atate anauma pamzere pomwepo, kenako anaseka mpaka misozi, n'kukhala pansi pafupi ndi mbaula.

Ine ndinakwiya nawo aphunzitsi, ndinkati anatinamiza. Lero ndimadziwa kuti cham'mbali mwa diso amayi anali ataona zonse, kungoyambira tsiku limene anagula thumba loyamba la ufa wa vitumbuwa. Kufikira madzulo amenewo, ankangopewa kuwayang'ana atate mwachindunji, kuti tayi ija aivule okha.